Mlamu Wanga Lawford, Pulofesa wa M'dimba la ku Area 10

Mlamu wanga Lawford sankatha kulemba ngakhale dzina lake, koma ankatchula pamtima maphunziro onse amene ankaphunzitsidwa ku yunivesite ya ku Zomba m'chaka cha 1974, osadumphapo. Mabwana a ku Area 10 ankamutcha Pulofesa. Iye ankavomera dzinalo mowomba m'manja, poganiza kuti ndi ulemu. Ine ndinkadziwa kuti akumuseka, koma sindinamutsinepo khutu, chifukwa nanenso ndinkaseka nawo.

Ine ndine Jobu, telala. Ndakalambira pakhonde la sitolo ya Bhupendra ku Old Town, phazi pa makina, maso pamsewu, ndipo m'masiku amenewo ndinkadziona ngati munthu wozindikira kuposa abale anga onse. Lawford anakwatira mlongo wanga Naphiri, ndiye anali mkamwini pamudzi pathu, m'mphepete mwa Lingadzi. Anachokera cha ku Nkhoma ndi khasu limodzi ndi bulangete, basi. Anali wamtali, wowonda, wolankhula ngati akupepesa. Ndinene zoona, sindinamukondepo. Kufatsa kwakeko kunkandinyansa. Ukamulalatira iye amangoti "zikomo alamu", iwe n'kutsala ndi mkwiyo wako osadziwa kokautula.

Anabereka ana anayi, atatu n'kupita adakali kumsana. Anatsala mmodzi, Evelesi. Naphiri anamwalira chaka chimene anthu oyeza malo anafika ndi timitengo tawo tofiira ndi toyera, n'kutiuza kuti pamene pali mudzi wathu pakubwera likulu la dziko. Maliro atatha tinafuna kumusudzula Lawford kuti azipita kwawo monga mwa mwambo, pakuti mkazi amene anamubweretsa anali atapita. Iye anagwada n'kupempha kuti timulole akhale pafupi ndi mwana. Ndinavomera mwamphwayi. Ine ndiye ndinali mtsibweni wa Evelesi, mwini mbumba, ndipo ndinamuuza Lawford pamaso pa anthu kuti kukhala akhale, koma mawu pa mwanayo ndi anga.

Mudzi unasamutsidwa pa malole kupita kutali, njira ya ku Dowa. Lawford sanapite nawo. Analembedwa ntchito yobzala kapinga ndi mitengo m'misewu yatsopano, ndipo nyumba za ku Area 10 zitatha kumangidwa, anamutenga kukhala wam'dimba kwa a Percy Makawa, bwana wa m'boma amene anali atangosamuka kuchokera ku Zomba. Tsiku loyamba ataweruka anabwera pakhonde panga. Anati kuseri kwa nyumba ya bwanayo kuli chulu, ndipo chulucho ndi chomwe chija Naphiri ankabzalapo maungu. Anali atalembedwa ntchito m'munda wa mkazi wake. Ine ndinamuuza kuti zulu zonse n'zofanana, asandichedwetse ndili ndi buluku la munthu.

Evelesi anali ndi mutu. Izi sindingakane ngakhale lero. Masisitere a ku sekondale ya atsikana anamusunga zaka zinayi, ndipo chaka chilichonse ankakhala woyamba pa masamu ndi sayansi. Mu Julayi 1974, atalemba mayeso omaliza, anafikira kwa bambo ake m'kanyumba ka antchito kuseri, kamene tinkati boyizikota. Anabwera ndi zinthu ziwiri: kabuku kobiriwira kofotokoza maphunziro onse a ku yunivesite, ndi fomu yopemphera malo. Fomuyo inkayenera kufika ku Zomba mweziwo usanathe.

Kabuku kaja ndi kamene kanamusandutsa Lawford Pulofesa. Masana aliwonse dona, mkazi wa a Makawa, akagona, Evelesi ankakhala pa chulu n'kumawerenga, bambo ake akupalira. Lawford ankafuna kudziwa chilichonse, koma mayinawo ankamuthawa. Ndiye anachita zimene ankachita ndi mbewu: chilichonse anachipatsa malo ake m'nthaka.

Evelesi atamuuza kuti maphunzirowo ali m'magulu atatu, iye anagawa bwalo la a Makawa patatu. Maluwa a kumaso kwa nyumba anawapatsa maphunziro a zilankhulo, mbiri ndi maganizo a anthu, ati chifukwa sadyedwa koma nyumba yopanda iwo imaoneka ngati khola. Marozi anakhala Chingerezi, maluwa achikasu a m'mbali mwa njira Chifalansa, mtengo wa m'bawa umene omanga anausiya unakhala Hisitole. Atafunsa kuti Filosofe n'chiyani, Evelesi anati ndi kufunsa chifukwa chimene zinthu zilili mmene zilili. Lawford anaganiza kanthawi, n'kupereka dzinalo kwa maluwa aminga okwera pakhoma, amene ankamulasa nthawi zonse akamawadulira.

Mpanda ndi mitengo ya m'malire anaipatsa maphunziro a za kakhalidwe ka anthu, chifukwa pamalire ndi pamene anthu amakumanirana ndi kukanganirana. Mapapaya anakhala Ekonomikisi, mpanda wa kumsewu Malamulo, mpanda wa pakati pa a Makawa ndi anansi awo Sosholoje. Atamva kuti a Sosholoje amaphunzira mmene anthu amakhalira pamodzi ndi mmene amabalalikira, anafunsa ngati m'mabuku awo mulinso za mudzi wathu ndi malole aja. Evelesi anati mwina mudzakhala, wina akadzalemba.

Ndiwo zamasamba kuseri zinakhala sayansi. Anyezi Fizikisi, kabichi Bayoloje, karoti Masamu chifukwa yankho lake limabisala pansi. Bedi la tomato, limene linali m'tsinde mwa chulu pa nthaka yabwino kuposa yonse, analipatsa Kemisitiri. Amenewo ndiwo maphunziro amene Evelesi ankafuna. Ankati akufuna kudzadziwa zimene zimakhala m'madzi ndi m'mankhwala, kuti adzamvetse chimene chinatha abale ake ndi mayi ake.

Pafomupo panali mizere itatu yolembapo maphunziro amene munthu akufuna, oyamba, achiwiri, achitatu. Lamulungu masana anandiitana, poti nkhani ya mwana siikanatha popanda ine. Ndinafika nditavala jekete. Evelesi anati pa mzere woyamba alemba Kemisitiri. Ine ndinaseka. Ndinamufunsa ngati anawaona maofesi amene ankamera ku Capital Hill, ndi kuti mwa anthu onse okhala m'menemo ndani amene amanunkhiza madzi m'mabotolo. Ndinagamula kuti mzere woyamba ndi wa mwini mbumba, ndipo alembepo Malamulo. Wachiwiri ndi wa bambo, wachitatu wa mwana. Evelesi anayesa kundiuza kuti osankha amayang'ana kwambiri mzere woyamba, ine ndinamufunsa kuti anayamba liti kuyankha akuluakulu.

Lawford anati mzere wake waupereka kwa mwana, alembepo tomato. Evelesi anamwetulira misozi ili m'maso, n'kulemba Kemisitiri pachiwiri, Bayoloje pachitatu. Anaika fomuyo mu envelopu yakhaki, n'kumata sitampa imene asisitere anamupatsa. Anati mawa akaiponya ku positi ku Old Town, monga anawauzira kusukulu.

Apa ndi pamene ndinaonetsa kuzindikira kwanga konse. Positi ofesiyo inali pafupi ndi khonde langa, moti ndikanaimirira ndikanaliona denga lake. Koma ndinakana. Ndinati nkhani yaikulu siiponyedwa m'bokosi ngati khoko la nthochi. Kwathu munthu akafuna mkazi amatuma nkhoswe, akakhala ndi mlandu amatuma munthu womuyankhulira, ngakhale uthenga wa maliro umapita ndi miyendo. Nanga pepala lofika lokha pakati pa mapepala mazanamazana, lopanda womuimira, ndani angalipatse mpando? Pamenepo tinali ndi mwayi umene ena analibe. A Makawa ankapita ku Zomba sabata ziwiri zilizonse, chifukwa theka la mafayilo a ofesi yawo linali lidakali komweko kudikira malole. Bwana wamkulu chotere akalowa ndi envelopu m'manja, ndani angakane?

"Atsibweni, asisitere anati tiponye ku positi," anatero Evelesi.

"Asisitere ako anakwatiwitsapo mwana ndani?" ndinatero ine.

Nkhani inathera pomwepo. Ndinatulutsa ulusi wofiira m'thumba la jekete n'kuimanga envelopuyo mopingasa, kuti ioneke ya ulemu. Ndinamutuma Lawford kumsika kukagula nkhuku yaikazi yonenepa, poti nkhoswe siitumidwa chimanjamanja.

Lolemba m'mawa tinapita awiri, Evelesi tinamusiya ku boyizikota chifukwa mwini nkhani saonekera pa zotere. Tinawapeza a Makawa ataima pafupi ndi galimoto yawo, Pijo yoyera, akumanga tayi poyang'ana pa galasi la chitseko. Tinanjuta. Ine ndinayala nkhani yonse mwadongosolo, kuyambira pa malemu Naphiri. Iwo anamvetsera theka, n'kunena kuti akuluakulu onse a ku yunivesite anaphunzira nawo limodzi, imeneyo si nkhani. Anatsegula buti n'kutiuza kuti tiike m'menemo. Lawford anaika nkhuku, n'kuika envelopu pambali pake mosamala, ndi manja awiri. Buti inatsekedwa. Tinaomba m'manja mpaka galimoto inatuluka pageti.

Galimoto imeneyo Lawford ankaitsuka m'mawa uliwonse, koma kunja kokha. Dona, mayi Marcelina, anali ataletsa wantchito aliyense kutsegula chitseko kapena buti, ati mumakhala mapepala a boma ndipo antchito a ku Lilongwe ali ndi zala zazitali.

Bwana atabwerako, Evelesi anapempha bambo ake kuti akafunse ngati kalata inafika. Lawford anabwera kwa ine, ndipo ndinamukalipira. Ndinati kufunsa nkhoswe ngati yafikitsa uthenga ndi kuiuza kuti ndi yabodza. Akufuna bwana akwiye, akawauze anzake aja kuti mwanayo amuchotse? Komabe Lawford anayesa mozungulira. Tsiku lina akupukuta magalasi anafunsa kuti, bwana, ku Zomba kunali bwanji? A Makawa anati kukuzizira. Lawford anabwera nalo yankho limenelo kwa mwana wake, ndipo anakhala nalo awiri masabata asanu ndi atatu.

M'masabata omwewo ndi mmene dzina la Pulofesa linabadwira. A Makawa anamupeza Lawford akuthirira mbewu uku akuzitchula mayina, ndipo anaseka mpaka kugwira khoma. Loweruka lililonse masana kunyumbako kunkabwera anzawo, mabwana osamuka ku Zomba, kudzamwa mowa pakapinga ndi kudandaula za fumbi la Lilongwe, ati mzinda wanji wopanda phiri. Mowa ukafika pakati, a Makawa ankaitana kuti Pulofesa abwere adzawaonetse alendo yunivesite. Lawford ankavula chipewa n'kuwatsogolera kuchokera ku marozi mpaka ku tomato, akutchula dzina lililonse ndi zimene amaphunzira kumeneko, alendo ali pambuyo pake ndi matambula m'manja. Mlendo wina anati ali ndi mwana mbuli kunyumba, kodi amutumize ku kabichi kapena ku anyezi. Lawford anayankha mofatsa kuti ayambe wamufunsa mwanayo chimene amakonda, ndipo chiseko chinachita kuwirikiza. Matambula opanda kanthu ankatolera ndi Evelesi, amene dona anali atayamba kumutuma ngati wantchito wosalembedwa. Ine ndinaonererapo kawiri, nditabweretsa madiresi a dona, ndipo ndinaseka kuti mabwana aone kuti sindine wa gulu la mlamu wangayo.

Mayina a osankhidwa anawerengedwa pa wailesi mu Seputembala, masana. Tinamvera pa wailesi ya m'sitolo, Bhupendra atatikwezera mawu ndi kuuza ogula kuti akhale chete. Evelesi kusukulu ankalembedwa ndi dzina la bambo ake, Evelesi Lawford. Owerenga anadutsa a Malamulo, iye munalibe. Anadutsa a sayansi, anatchula atsikana awiri a m'kalasi mwake amene iye ankawathandiza masamu, iye munalibe. Nyimbo itayamba, Lawford anafunsa ngati awerenganso ena mawa.

Evelesi sanalire. Anangoima chilili atagwira nsanamira ya khonde. Ine manyazi anali atandigwira pamaso pa Bhupendra, ndipo manyazi anga amatuluka ngati ukali. Ndinamuuza kuti mizere inali itatu, ndipo tinachita kumupezera bwana womuyankhulira. Munthu wokanidwa katatu, nkhoswe ili pomwepo, asanamizire wina. Nzeru zake zinali za pakati pa atsikana a kwa asisitere, kwa anthu enieni zachepa. Mawu amenewo ndinawanena ine, pakhonde, anthu akumva.

A Makawa atauzidwa anapukusa mutu mwachisoni. Anati iwo anachita mbali yawo, koma sayansi si ya atsikana a kumudzi, pamafunika mwana wokulira m'nyumba ya mabuku. Lawford anawathokoza chifukwa cha kuyesetsa kwawo.

Asisitere analemba kalata yodabwa, nati Evelesi ayesenso chaka chotsatira, fomu ina adzamupatsa. Lawford anakondwa. Koma Evelesi mwini wake anati ayi. Anati anthu odziwa amuyeza ndipo amupeza wopepuka, sakufuna kukaimanso pa wailesi. Mtsikana amene ankayankha akuluakulu uja anasiya kuyankha aliyense. Ndiye pamene Redson anatuma anthu ake kwa ine, panalibe wokana. Redson anali kapitawo wa omanga ku City Centre, kasitomala wanga wa masuti, bambo wa ana atatu amene mkazi wake anamuthawa. Chifukwa chimene anathawira ndinkachidziwa, Old Town yonse inkachidziwa. Ndinavomera, ukwati n'kuikidwa mu Malichi.

Mu Febuluwale 1975, likulu litasamukiratu, a Makawa anakwezedwa pa ntchito n'kugula galimoto ina. Pijo ija anaigulitsa kwa Arvind, mphwake wa Bhupendra, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuuza Lawford kuti aitsuke yonse, m'kati ndi kubuti komwe. Atanyamula mphasa ya labala ya kubuti, pafupi ndi tayala lapadera, anapeza envelopu yakhaki. Kuwerenga sankatha, koma ulusi wofiira anaudziwa. Sitampa inali pomwepo, ndipo pakona panali chitosi chouma cha nkhuku.

Miyezi isanu ndi iwiri anakhala akupukuta buti imeneyo m'mawa uliwonse, mpaka kuwala.

Anapita nayo kwa bwana pakhonde, n'kunjuta, n'kuitambasula ndi manja awiri. A Makawa anaiyang'ana nthawi yaitali asanaikumbuke.

"Aa, kani inali m'menemo?" anatero. Kenako anaseka pang'ono. "Koma nkhuku ija inali yonona, Pulofesa."

Dona, amene anali pomwepo, anati nkhani imeneyi ikamveka kunja kwa geti, ndiye kuti wantchito wayamba kuipitsa dzina la bwana wake, ndipo anthu ofuna boyizikota ndi ambiri.

Lawford anayenda wapansi kuchokera ku Area 10 mpaka ku Old Town, dzuwa lili pamutu. Anandipeza ndili ndi nsalu yoyera pa makina, diresi la ukwati la Evelesi. Anaika envelopu pamwamba pa nsaluyo. Nditaona ulusi wanga ndinazindikira zonse nthawi yomweyo, ndipo chimene ndinayamba kuganiza si Evelesi ayi. Ndinaganiza za ine: mmene ndinakanira positi, mmene ndinalankhulira pakhonde lomwelo, mmene abale a Redson adzandionere ngati munthu wa mawu awiri, ukwati utatsala masabata atatu.

Lawford analankhula mawu ambiri tsiku limenelo kuposa zaka zonse zimene ndinamudziwa. Anati mwana sanakanidwe, sanafike n'komwe. Anati asisitere alonjeza fomu ina, nthawi ilipo, ndipo ulendo uno iye adzakaiponya yekha m'bokosi. Anati ntchito ikatha ithe, adzagona kumsika. Ine ndinamuwerengera zifukwa: bwana adzakana, adzati envelopu munaibisa nokha, mudzachotsedwa, kumudzi kwathu malo anu kulibe, kwanu ku Nkhoma anakuiwalani. Zonsezo zinali zoona, n'chifukwa chake zinandithandiza.

"Alamu," anatero, "mwanayu akuyesa kuti ndi wopusa."

"Mwanayu si wanu," ndinatero ine. "Inu munabwera ndi khasu. Mukatsegula pakamwa, ndikuitanira mbumba yonse, ulendo uno tikusudzuladi, ndipo simudzamuonanso."

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge envelopuyo ndikaitenthe pa mbaula ya simbi yanga, koma iye anaitenga msanga n'kuilowetsa m'malaya. Ndi nthawi yokhayo m'moyo wake imene anandikaniza kanthu. Anaimirira, nati "zikomo alamu", n'kubwerera ku Area 10 kukathirira.

Ukwati unachitika. Diresi linamukhala bwino, anthu anandiyamikira.

Lawford anagwira ntchito panyumba ija zaka zina khumi ndi zinayi. A Makawa anasamukira ku nyumba yaikulu ku Area 12, kunabwera bwana wina, kenako wina, ndipo aliyense ankalandira nyumbayo pamodzi ndi Pulofesa wake, ngati mmene ankalandirira thanki la madzi. Loweruka ankamuitanabe. Ankawatsogolerabe alendo kuyambira ku marozi, tsitsi litayera, akutchula maphunziro a m'kabuku ka 1974 pamene ku yunivesiteko anali atawonjezera ena ambiri. Anzake ogwira ntchito m'nyumba zoyandikana ankati akafika pa tomato ankafulumira, mawu n'kutsika, moti alendo ankamuuza kuti abwereze.

Evelesi anakakhala ku Kawale. Za Redson sindinena zambiri, kungoti chimene chinathawitsa mkazi woyamba chija sichinasinthe, ndipo Evelesi sanathawe. Ankagulitsa tomato ndi anyezi mu msika wa Old Town, ndipo amayi anzake ankamudalira chifukwa mutu wake unkathamanga kuposa pensulo. Ana ake akalephera kusukulu sankawakalipira. Ankangowasisita pamutu n'kunena kuti si mlandu wawo, atengera iye. Tsiku lina ananena zimenezo bambo ake ndi ine tili pomwepo. Lawford anandiyang'ana. Ine ndinafunsa ngati mvula yagwa ku Area 10.

Lawford anamwalira m'nyengo yozizira ya 1989, atadwala chifuwa sabata ziwiri. Tinakamuika kumudzi kwatsopano kuja, njira ya ku Dowa, kutali ndi Naphiri amene anatsala m'manda akale pakati pa mzinda. Mawa lake m'mawa, tisanamete, tinakhala pabwalo kuti tione katundu wa malemu. Analipo wochepa: khasu, sizasi yodulira maluwa, bulangete, ndi sutikesi yachitsulo. Ine monga wamkulu ndinatsegula sutikesiyo. Pansi pa malaya panali kabuku kobiriwira, kothaitha m'makona. Nditakanyamula, envelopu inagwa pamphasa.

Evelesi anali pafupi kuposa ine. Anaitola, n'kuyang'ana sitampa yosadindidwa. Anamasula ulusi pang'onopang'ono, n'kutulutsa fomu. Zolemba zinali zake, za mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi: Malamulo, Kemisitiri, Bayoloje. Anawerenga mizere itatuyo mokweza, ngati mmene bambo ake ankachitira pamaso pa alendo.

"Ndiye kuti sinapite," anatero. "Ababa anaisunga." Anatembenukira kwa ine. "Atsibweni, si munapita limodzi kwa bwana tsiku lija?"

Mbumba yonse inali kundiyang'ana, ana a Evelesi, akulu a mpingo, abale awiri a Lawford ochokera ku Nkhoma. A Makawa ndi dona wawo anali atamwalira kale. Munthu wina yekhayo amene ankadziwa tinali titamukwirira dzulo lake. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, ndipo mpata wonena zoona unali pamphasa pomwepo, waulere.

"Ine bambo ako ndinawasiya pageti, envelopu ili m'manja mwawo," ndinatero. "Za m'kati sindikuzidziwa."

Evelesi anagwedeza mutu. Ananena motsitsa kuti tsopano wamvetsa: bambo ake ankaopa kutsala okha, ndiye anamusunga pafupi ngati mbewu ya m'dimba, n'kumamuyang'ana zaka khumi ndi zisanu akudzitcha wopusa. Lumo litafika pa iye anakana kumeta. Azimayi anamunyengerera, abusa anamulankhula, iye anati alibe maliro. Anakwera basi ya masana. Pamene tinkaika mwala pamanda patapita zaka ziwiri, sanabwere, ndipo mpaka lero ana ake saloledwa kutchula dzina la agogo awo m'nyumba mwake, ngakhale kuti ndi dzina lomwe lili pa satifiketi yake ya sekondale.

Ine makina ndinasiya, maso anafooka. Ndimakhala m'kachipinda kuseri kwa Area 3, ndipo amene amandisamala ndi Evelesi. Mwezi uliwonse amabwera ndi kadengu ka tomato wosankha, n'kugwada pakhomo. Amauza anthu kuti mwa makolo ake onse ndine ndekha amene sindinamunamizepo, chifukwa ngakhale mawu owawa ndinkamuuza pamaso. Ndimadana nalo dengu limenelo, ndipo likamabwera mtima umandithamanga ngati ndaona apolisi. Mwezi uliwonse ndimati lero ndimuuza. Iye amasankha tomato wakupsa bwino, n'kunditsukira, n'kundiikira m'mbale pamodzi ndi mchere. Ndimalandira ndi manja awiri, ndipo ndimadya.